Matenda a Sickle Cell ndi Moyo wa M'banja: Zoyenera Kudziwa Akatekisiti, Alangizi ndi Makolo

M'maparishi ndi m'miphakati yathu yozungulira Luchenza, ntchito yolangiza ana amene akutha msinkhu ili m'manja mwa anthu ochepa odziwika bwino: akatekisiti, alangizi a mpingo, anankungwi a m'mudzi, agogo, atsibweni, ndiponso ankhoswe pamene nthawi ya ukwati yafika. Mwana wa kumidzi ya ku Thyolo ndi Mulanje, kapena wa m'nyumba za antchito m'maesiteti a tiyi, amamva za thupi lake kwa anthu amenewa asanakumane ndi dokotala aliyense. N'chifukwa chake talemba nkhaniyi, kuti iwo amene amalangiza adziwe za matenda amodzi a m'magazi amene amakhudza kukula kwa mwana, ziwalo zake zobisika, kubereka ndi ukwati, koma amene kawirikawiri timawatanthauzira ngati tchimo, ufiti kapena kulakwira mwambo. Tiyankhula mosabisa mawu pamene pafunika kutero, pakuti pa vuto lina limene tifotokoze m'munsimu, manyazi a usiku umodzi amatha kulanda mnyamata mphamvu za m'banja moyo wake wonse.

Matendawa ndi otani

M'magazi mwathu muli maselo ofiira amene ntchito yake ndi kunyamula mpweya wabwino kuchoka m'mapapo kupita m'thupi monse. Mwa munthu wopanda vutoli maselowa ndi obulungira, ofewa, ndipo amakhala ndi moyo masiku pafupifupi 120. Mwa munthu wa sickle cell amauma ndi kupindika ngati zenga lomwetera udzu, ndipo dzina la matendawa lidachokera pamenepo. Maselo opindikawa amafa pakangotha masiku 10 kufikira 20, choncho magazi amakhala ochepa nthawi zonse ndipo maso amaoneka achikasu. Amatsekanso timitsempha ting'onoting'ono, ndipo chiwalo chimene magazi asiya kufikako chimapweteka koopsa: mafupa, msana, chifuwa, mimba. Kuzizidwa, ludzu, malungo, matenda ena ndi ntchito yolemetsa ndizo zimadzutsa ululuwu. Kuno kwathu, kumene chiperoni chimagwa ndi mawawa m'miyezi ya June ndi July, ndipo othyola tiyi amakhala tsiku lonse pa mvula kapena pa dzuwa, zodzutsa ululuzi sizisowa.

Dokotala James Herrick wa ku Chicago ndiye adalemba koyamba za maselo opindikawa m'chaka cha 1910. Kafukufuku wa dziko lonse lapansi adapeza kuti m'chaka cha 2021 anthu oposa 7 miliyoni ndi theka adali ndi matendawa, ndipo ana oposa 500,000 adabadwa nawo m'chaka chimenecho, ambiri mwa iwo kuno ku Africa. Kuyambira mu 2009, tsiku la 19 June limakumbukiridwa ngati tsiku la matenda a sickle cell, potsatira chigamulo cha bungwe la United Nations cha mu December 2008.

Mmene mwana amatengera kwa makolo

Matendawa ndi obadwa nawo. Sapatsirana pogonana, pakudyera mbale imodzi, poyamwitsa ngakhale pogwirana chanza, ndipo alibe ubale uliwonse ndi kachilombo ka HIV. Mwana amalandira mbewu ziwiri za mtundu wa magazi, ina kwa atate, ina kwa amayi. Mbewu yabwinobwino achipatala amaitcha A, yopinda maselo amaitcha S. Munthu wa AA alibe vuto. Munthu wa AS amangonyamula mbewuyo koma sadwala, ndipo angathe kukalamba osadziwa kuti ali nayo. Mbewu imodziyi imamutetezako ndithu ku malungo aakulu, monga adaonetsera Anthony Allison ku East Africa m'chaka cha 1954, n'chifukwa chake ndi yofala m'maiko a malungo. Wodwala ndi iye wa SS, amene adalandira S mbali zonse ziwiri. Kafukufuku amene adachitika m'Malawi muno m'zaka za 2015 ndi 2016 adapeza kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa ana khumi alionse amanyamula mbewu ya S.

Ngati mwamuna ndi mkazi onse ndi a AS, pa mimba ina iliyonse pali mwayi umodzi mwa inayi wakuti mwana abadwe wa SS. Tikuti pa mimba ina iliyonse: banja lingathe kubereka ana asanu wopanda wodwala ndi mmodzi yemwe, lina n'kubereka atatu otsatizana onse odwala. Apa tikufuna ankhoswe amvetse bwino, chifukwa milandu yambiri ya m'banja imayambira pomwepa. Mwana wa SS sangabadwe ngati mmodzi yekha mwa makolo ndiye ali ndi mbewuyo. Kunena kuti matendawa adza ndi mkamwini, kapena kuti ndi a kuchikazi, n'kunamizira mbali imodzi pa chinthu chimene mbali zonse ziwiri zidapereka mosadziwa.

Zizindikiro zimayamba kuoneka mwana akakwanitsa miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi. Choyamba chimakhala kutupa kwa manja ndi mapazi, mwana n'kumalira osatonthola. M'mudzi, khanda lotupa chotere ndi losanenepa amafulumira kulinena kuti lili ndi tsempho kapena mdulo, ndipo pomwepo amayamba kufufuza kuti ndani mwa makolo adayenda njira zosayenera. Mabanja asokonezeka pa mlandu wa chigololo chimene sichidachitike, mwana n'kumamwetsedwa zitsamba pamene amafunika kuyezedwa magazi. Funso lakuti adachimwa ndani lidafunsidwanso za munthu wobadwa wosaona uja pa mutu 9 wa Mthenga Wabwino wa Yohane, ndipo Ambuye sadalivomereze.

Kuchedwa kutha msinkhu ndi kukodza pogona

Thupi limene likulimbana ndi kuchepa kwa magazi limakula pang'onopang'ono. Anyamata ndi atsikana a SS kawirikawiri amatha msinkhu mochedwa ndi zaka ziwiri kapena kuposerapo poyerekeza ndi anzawo. Mtsikana angathe kufika zaka 15 kapena 16 asanayambe kusamba, mnyamata wa zaka zomwezo mawu asanasinthe. Ambiri amadzafika pa msinkhu wathunthu ngakhale mochedwa. Sikuti adamangidwa ndi munthu, ndipo palibe chifukwa chowatemera mphini. Choopsa kwambiri ndi uphungu wa anzawo, ngakhale wa akuluakulu ena, wakuti kugonana kumakhwimitsa thupi. Limeneli ndi bodza, ndipo kwa mtsikana wa SS lingathe kutha ndi mimba imene thupi lake silingaipirire.

Ana ambiri a sickle cell amakodzanso pogona mpaka atakula, chifukwa impso zawo zimatulutsa madzi ochuluka kuposa za anzawo. Kuwamana madzi madzulo kapena kuwachititsa manyazi pagulu kumangoonjezera vuto, pakuti ludzu ndilo limadzutsa ululu.

Vuto la anyamata limene silinenedwa

Madokotala amalitcha priapism. Chida cha mnyamata kapena bambo chimadzuka ndi kuuma popanda chilakolako chilichonse, chimapweteka kwambiri, ndipo sichigwa. Chimene chachitika n'chakuti maselo opindika aja atseka njira yotulukira magazi, choncho magazi alowa koma akulephera kubwerera. Ndi ululu womwewo umene umagwira mwendo kapena msana, kungoti wagwira malo obisika. Mwa amuna atatu alionse a SS, pafupifupi mmodzi amakumana nalo pa moyo wake. Limakonda kuyamba usiku kapena mbandakucha munthu ali m'tulo, ndipo limagwira ngakhale ana a ku pulayimale amene sadziwa kanthu za m'banja.

Limabwera m'njira ziwiri. Nthawi zina limatha lokha pakapita mphindi zingapo kapena ola limodzi, n'kumabwererabwerera masiku ena. Limeneli ndi chenjezo, ndipo liyenera kunenedwa kwa dokotala pa ulendo wotsatira wa kuchipatala, chifukwa alipo mankhwala ochepetsa kubwereraku. Njira yachiwiri ndi pamene lakakamira. Malire amene madokotala adaika ndi maola anayi. Kupitirira pamenepo minofu ya m'kati imayamba kufa chifukwa chosowa mpweya, ndipo likatha tsiku lathunthu kapena kuposerapo, ambiri amataya mphamvu za m'banja osadzazipezanso.

Tiyeni tiganizire mmene zimakhalira m'nyumba zathu. Mnyamata wadzuka tambala woyamba asanalire ali mu ululu. Amayi ake sangawauze, pakuti mwambo sulola. Atate ake mwina akulawirira ku ntchito kuesiteti, kapena ali ku Joni. Iye mwini akuganiza kuti wachimwa m'maganizo ndipo Mulungu akumulanga, kapena kuti akanena adzamuyesa wachiwerewere. Akakhala bambo wapabanja, anthu amanong'onezana kuti wagwa m'mankhwala amene mwini mkazi wina adatchera. Choncho amafunda bulangete n'kunena kuti mutu ukumupweteka. Pofika madzulo a tsiku lachiwiri, pamene ululu wamukakamiza kuulula kwa agogo, nthawi yatha kale. Ife tikuona kuti pa zonse zimene mlangizi anganene kwa mnyamata wa sickle cell, palibe choposa kumuuza zisanachitike kuti vutoli lilipo, kuti si tchimo loti akalape, ndi kumusankhira munthu wamkulu mmodzi amene angathe kumudzutsa usiku wopanda mantha.

Vutoli likangoyamba, wodwala amwe madzi ambiri, ayesetse kukodza, ayendeyende, asambe madzi ofunda, ndipo amwe mankhwala opha ululu amene adapatsidwa kuchipatala. Asathire madzi ozizira, chifukwa kuzizira kumapinda maselo ena. Kugonana kapena kudzisisita sikuthetsa vutoli. Ngati ola limodzi kapena awiri apita osasintha, ulendo uyambike, pakuti kwa ife amene timadalira kabaza ndi minibasi, kudikira kuti maola anayi akwane tili kunyumba ndiko kuchedwa. Pofika kuchipatala anene msanga kuti ali ndi sickle cell ndi ola limene vutoli layamba, asaime pa mzere ngati wodwala chimfine. Madokotala amapereka madzi a m'mitsempha ndi mankhwala a ululu, amachotsa magazi otsekeredwawo ndi jakisoni, amabaya mankhwala ofinya mitsempha, ndipo zikakanika amachita opaleshoni yaing'ono. Chithandizo chotere chimafunika chipatala chachikulu monga cha boma ku Thyolo kapena ku Mulanje, ndipo iwo angathe kutumiza wodwala ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Mowa, chamba, ndi mankhwala oonjezera mphamvu za abambo, kaya ndi gondolosi kaya mapilisi ogula pamsika, mwamuna wa sickle cell aziwapewa.

Atsikana ndi amayi oyembekezera

Atsikana ena a SS amaona kuti ululu wa m'mafupa umawagwira nthawi imene ali kumwezi. Mlangizi awaphunzitse kusiyanitsa cham'mimba cha masiku amenewo ndi ululu wa matenda awo, kumwa madzi ambiri, kufunda, ndi kupita kuchipatala ngati akutaya magazi ochuluka, popeza alibe magazi oti n'kutaya.

Amayi ambiri a SS amatha kutenga pathupi ndi kubereka ana amoyo, koma mimba yawo ndi yofunika kuisamala mwapadera. Magazi amachepa kuposa kale, ululu umabwera pafupipafupi, kuthamanga kwa magazi kumakwera, magazi amatha kuundana m'mitsempha, ndipo mwana angathe kubadwa masiku asanakwane, wochepa thupi, kapena wopitirira. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO, potulutsa malangizo ake oyamba pa nkhaniyi mu June 2025, lidanena kuti mayi wa sickle cell ali pa chiopsezo cha imfa ya uchembere chochuluka kanayi kufikira ka 11 kuposa mayi wopanda matendawa. Choncho ayambe sikelo mwezi woyamba umene wazindikira, anene za matenda ake, agone m'masikito usiku uliwonse, amwe folic acid, ndipo afunse dokotala asanayambe mapilisi oonjezera magazi amene amayi onse amalandira, chifukwa kuchepa kwa magazi ake kuli ndi gwero lina. Achirire kuchipatala chimene chingathe kuika magazi ndi kuchita opaleshoni, ndipo akadikirire komweko masiku akayandikira. Amayi a m'mphakati angathandize kwambiri pomulandira ntchito ya kumunda ndi kumtsinje, ndipo abale amene ali ndi thanzi akapereke magazi nthawi ikadalipo.

Mankhwala a hydroxyurea, amene kafukufuku wa ku Angola, Congo, Kenya ndi Uganda adaonetsa mu 2018 kuti amachepetsa ululu, malungo ndi imfa mwa ana a ku Africa, ndi othandiza kwambiri. Koma mayi kapena bambo amene akumwa mankhwalawa ndipo akufuna mwana ayambe wakambirana ndi dokotala, asangowasiya kapena kuwapitiriza mwa iye yekha. Mayi wa SS amafunikanso nthawi yokwanira yopumula pakati pa mimba ndi inzake. Banja lotere liphunzire bwino njira zachilengedwe zolerera zimene Eklezia amaphunzitsa, ndipo mwamuna adziwe kuti kudziletsa kwake pa masiku ena kukuteteza moyo wa mkazi wake.

Kubereka, ukwati ndi malamulo a Eklezia

Amuna ena a SS amakhala ndi mbewu yochepa kapena yofooka, choncho mwana amachedwa kubwera kapena sabwera. M'dera la chikamwini ngati lathu, mkamwini amene chaka chatha osapereka mimba amakhala pa moto, ndipo m'makomo ena amafika poganiza zolowetsa fisi mwachinsinsi. Mkhristu sangavomere zimenezi. N'kuphwanya pangano la ukwati, ndiponso ndi njira yolowetsera HIV m'nyumba.

Akatekisiti amene amakonzekeretsa anthu ku Sakramenti la Ukwati asiyanitse zinthu ziwiri zimene buku la malamulo a Eklezia la mu 1983 limasiyanitsa pa lamulo 1084. Kusabereka sikuletsa ukwati ndipo sikuuthetsa. Kulephereratu kukhala malo amodzi ndiko kumaletsa ukwati, koma pokhapokha ngati kudayamba ukwati usanamangidwe ndipo n'kosachiritsika. Pamene pali chikayiko, ukwati suyenera kuletsedwa. Bambo amene wataya mphamvu ali kale m'banja, ukwati wake ulipobe. Lamulo 1098 likukamba za chinyengo: kubisira mnzako dala chinthu chachikulu chimene chingasokoneze moyo wa m'banja, n'cholinga chakuti avomere, kumachititsa kuti ukwatiwo usakhale woona. Nkhani zotere katekisiti asaziweruze yekha, azipereke kwa bambo mfumu, ndipo asaziulule kwa wina aliyense.

Eklezia saletsa anthu awiri a AS kukwatirana. Ku Nigeria, kumene matendawa ndi ochuluka kuposa dziko lina lililonse, mipingo yambiri imafuna kuti otomerana ayezetse magazi asanadalitse ukwati. Ife tikulimbikitsa kuyezetsako, koma kuchitike msanga, chibwenzi chisanafike kwa ankhoswe, ndipo chotsatira chake chikhale cha awiriwo. Akasankha kupitiriza akudziwa, tiwaperekeze. Akasankha kulekana, tisawanene. Mwana wa SS akabadwa, kapena akadziwika ali m'mimba, moyo wake ndi wopatulika ngati wa mwana wina aliyense.

Chilangizo cha mpingo ndi chinamwali cha m'mudzi

Ena amaganiza kuti kukamba za thupi pa tchalitchi n'kulaula. Koma Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican, m'chikalata chake cha maphunziro achikhristu cha mu 1965, udapempha kuti ana aphunzitsidwe nkhanizi mwanzeru molingana ndi msinkhu wawo. Papa John Paul II mu Familiaris Consortio ya mu 1981 adaika udindowu poyamba m'manja mwa makolo, ndipo malemu Papa Francis adabwerezanso kufunika kwake mu Amoris Laetitia ya mu 2016. Vuto lathu n'lakuti mwambo sulola kholo kuyankhula zotere ndi mwana wake, n'chifukwa chake udindowo umagwera alangizi. Ngati mlangizi akuphunzitsa ulemu, ukhondo ndi kudzisunga kokha, osatchula zizindikiro za matenda, mwana wodwalayo amatuluka m'chilangizo akudziwa zimene sayenera kuchita koma osadziwa choti achite ululu ukamugwira.

Zinamwali za m'midzi zimachitika pa tchuthi chachikulu, usiku ndi m'mawa kukadazizira. Kugona panja ku thezo, kusamba kumtsinje mbandakucha ndi kukhala nthawi yaitali osamwa madzi n'zoopsa kwa mwana wa SS, ndipo kumene kuli mdulidwe, kutaya magazi ndi kutukusira kwa bala kungathe kumupha. Mdulidwe wa mwana wotere uchitikire kuchipatala, dokotala atadziwa za matenda ake. Malangizo akuti namwali akasase fumbi ndi oletsedwa ndi chikhulupiriro chathu, ndiponso malamulo a dziko amawaletsa. Kuyambira mu 2017 malamulo aakulu a dziko lino salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18. Makolo adziwitse mlangizi mwamseri za mwana wodwala, ndipo mlangizi asamutchule pagulu. Phunziro la maola anayi lija liperekedwe kwa anyamata onse pamodzi, kuti wodwalayo alimve wopanda kulozedwa chala, ndi kuti anzake adziwe chochita ngati ndi iwo amene adzadzutsidwe usiku.

Kuyezetsa

Gulu la magazi limene amatiuza tikamapereka magazi, monga A, B kapena O, ndi nkhani ina, ndipo silionetsa ngati munthu ali ndi mbewu ya S. Kuyeza kwa HIV sikuionetsanso. Munthu afunse mwachindunji kuyezedwa za sickle cell, ndipo afunsenso ngati njira imene agwiritsa ntchito ikusiyanitsa AS ndi SS, popeza njira yakale yoonera pa galasi imangoonetsa kuti mbewu ya S ilipo. Amene waikidwa magazi m'miyezi itatu yapitayi anene, chifukwa magazi a wina amasokoneza zotsatira. Oyenera kufulumira ndi mabanja amene adatayapo ana aang'ono ndi matenda otha magazi, amene ali ndi mwana woikidwa magazi kawirikawiri, wa maso achikasu, kapena wotupa manja ndi mapazi ali khanda, pamodzi ndi abale a ana oterewa amene akuyandikira msinkhu wa banja. Alangizi a zaumoyo a m'mudzi ndi achipatala chaching'ono chapafupi angathe kulemba kalata yotumizira ku chipatala cha boma. Mwana akapezeka ndi SS amayamba kulandira mankhwala oteteza ku malungo ndi ku matenda ena, katemera wokwanira ndi folic acid, ndipo buku lake la kuchipatala liziyenda naye kulikonse, ngakhale kuchilangizo.